Rauta ya Malemu Msiska

Anastazia Kachale ndi ine tinagawana khonde limodzi ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue, ndipo tinagawananso mkangano umodzi umene udzathe tsiku limene mmodzi wa ife adzaikidwe. Ine dzina langa ndine Bridget, ndimasoka. Iye amakonza makompyuta ndi timabokosi tija togawa intaneti m'nyumba, timene anthu amati rauta. Khomo lake lili kumanzere, langa kumanja, pakati pali benchi ndi mbaula imene timaotcherapo chimanga nthawi ya mvula.

Mkangano wathu ndi wa nsalu. Kuno kwathu chinthu cha mtengo sitichisiya chili maliseche. Wailesi timaifunditsa, TV timaifunditsa, ngakhale jagi ya madzi imavala kake. Ndiye ine ndimasoka tinsalu ta maluwa, ta mphonje m'mbali, amayi n'kumagula kukafunditsa rauta zawo kuti fumbi la Kafue lisalowemo. Rauta ija imatentha, n'kukomoka, intaneti n'kuthawa, eni ake n'kuthamangira kwa Anastazia. Iye akabwerako amaponya kansaluko pa makina anga.

"Bridget, uzanipaya iwe. Ichi chintu chimapuma monga muntu. Ungamufundike bulangeti muntu mu Okutobala?"

"Ine nikubweresera makasitoma, iwe unitukana?"

Sindinasiye kusoka tinsaluto, ndipo sindikuganiza zosiya. Koma nkhani imene ndikufuna kunena ndi ya m'mawa umene mwana wa a Msiska, ali kutali kutsidya kwa nyanja, anafuna kuona nkhope ya bambo ake bokosi lisanatsekedwe, ndipo zonse zinatsamira pa mnzangayu. Kuti mumvetse chimene chinamugwira tsiku limenelo, muyambe mwadziwa kumene anachokera.

Bambo ake anachoka ku Dedza ali mnyamata, kudzafuna ntchito nthawi imene mafakitale a Kafue ankafuka utsi ndipo munthu ankalembedwa ntchito ali pa geti pomwepo. Anastazia anabadwira kuno, anabatizidwira kuno, ndipo Chichewa chenicheni cha kwawo amachitulutsa akakwiya kapena akamapemphera basi. Atamaliza sukulu analowa ntchito pa kampani ina ku Industrial, pa tebulo lolumikiza mafoni. Ana a lero sangazimvetse. Foni ikalira, munthu ndiye ankaiyankha, n'kulowetsa kawaya pa bowo la ofesi imene ikufunidwa. Mawu onse a pa kampaniyo ankadutsa m'manja mwake, ndipo mpaka lero akayankha foni amayankha ngati bwanamkubwa akumvetsera.

Bambo atamwalira, mayi ake anabwerera ku Dedza, ati akakalambire kwawo. Chaka china kunagwa mvula yoopsa, mitengo ya mawaya inagwa kwinakwake m'njira, foni ya kunja n'kufa kwa masiku ndithu. Anastazia ankakhala pa tebulo lake monga mwa nthawi zonse, kulumikiza ofesi iyi ndi ofesi iyo za m'katimo, kuseka ndi anzake. Masiku omwewo alongo ake kumudzi ankayenda mtunda wautali kupita pa boma kukaimba foni, foni osalowa. Uthenga unadzafika ndi dalaivala wa lole, mayi ataikidwa kale. Anapitadi, koma anakapeza mulu wa dothi ndi nkhata zofota. Nkhani imeneyi anandiuza kamodzi kokha, maso ali pa mbaula. Anati imfa ndi ya tonse, imeneyo sadandaula. Chimene chimamuwawa n'chakuti nkhope yomaliza ya mayi ake imene ali nayo ndi ya pa siteshoni ya basi, akumukalipira kuti wamanga katundu molakwika. Ku manda kuja sanalire, ati misozi inakana.

Ntchito ya m'mafakitale itayamba kutha, iye anali m'gulu loyamba kuuzidwa kuti akapume. Anayamba kutaipa makalata a anthu, kenako analowa ntchito pa kashopu ka intaneti m'tauni, kamene makompyuta ake ankafa kuposa mmene ankagwirira ntchito. Mwini wake analibe chidwi choitana wokonza, ndiye Anastazia anayamba kuwatsegula yekha, kuchotsa cha mu iyi kuika mu iyo, mpaka atatu akufa n'kubala mmodzi wamoyo. Anaphunzira choncho, ndi kufunsa aliyense wodziwa amene walowa pakhomo. Sanakwatiwe. Akuti amuna amene ankabwera onse ankafuna mkazi womvera, pamene iye anazolowera kuti anthu azidikira iye awalumikize.

Kagwiridwe kake ka ntchito kamanditopetsa ine woonerera. Akaitanidwa pa nyumba, sathamangira chinthu chimene chafacho. Amavula nsapato, amakhala pansi, amafunsa za ana ndi za odwala, kenako n'kuyamba mafunso ake. Zinayamba liti? Ndani anakolopa dzulo? Mwagula chiyani chatsopano? Ndani amasita zovala, ndipo amasitira pati? Anthu ena amakwiya, amati tinaitana wokonza osati wapolisi. Iye amangoti safunsa anadya phula. Akatero amadzuka n'kukagwira chinthucho ndi kuseri kwa dzanja, monga mayi amayesera mwana malungo.

Ndipo kawirikawiri mafunso akewo ndi amene amapeza nthenda. Ku dera la Estates kuli bambo wina amene intaneti yake inkafa m'mawa uliwonse nthawi imodzimodzi. Anasintha rauta, anatukwana a kampani pa foni, anaganizira ngakhale aneba. Anastazia anapeza kuti mkazi wake amazula pulagi ya rauta kuti alumikize simbi yositira malaya a bambo yemweyo, akamaliza n'kubwezeretsa bwinobwino. Nyumba ina anapeza rauta yakhomeredwa m'kabati ya magalasi pamodzi ndi makapu a pa ukwati, kiyi ali m'bulauzi la mwini nyumba. Kompyuta ina inali ndi mphemvu m'kati, banja lonse mpaka zidzukulu. Mtsikana wina wa mpingo wa Pentekoste anabweretsa laputopu imene anaidzoza mafuta opempherera itayamba kuzima yokha. Anastazia sanamuseke. Anangomuuza kuti, "Pemphero ni yabwino mwana wanga, ine nayenso nimapemphera nikalibe kusegula. Koma mafuta uzizoza pa mphumi pako." Atatero anachita chizindikiro cha mtanda n'kutenga kabulashi kake.

Mwa makasitomala ake onse, amene ankamukonda ndi kumukwiyitsa pamodzi anali a Hamilton Msiska. Iwo anali mkulu wa mpingo wa Reformed, makolo awo anachokera ku Rumphi, ndipo anagwira ntchito ya mapaipi mpaka kupuma. Nyumba yawo ili kumapeto kwa Estates, pamalo otsika pansi pa kaphiri, pamene netiweki ya foni imafika yotopa. Kuti uimbe foni pamenepo umayenera kukaima pa chulu kuseri kwa mpanda, ndipo mawu okha ndi amene amadutsa. Mwana wawo mmodzi yekha, Towela, ndi namwino ku Ireland. Pofuna kuti makolo ake azimuona nkhope, anatuma Anastazia kuti akonze zonse. Anastazia anaimika chitsulo chachitali padenga, anamangirira kambale kokoka netiweki pamwamba pake, waya n'kutsikira pa zenera la kuchipinda chogona, pamene anaika rauta. M'khonde la m'kati anaikamo batire kuti magetsi akapita zinthu zisaime.

Sipanapite nthawi, a Msiska anayamba kudandaula kuti madzulo chithunzi cha Towela chimaima, pakamwa pali yasa. Anastazia anapita, anafufuza, anabwerako akufuka.

"Bakubelani, ba Msiska," anawauza motero. "Pali mafoni ya bantu bena yamene yangena. Baja banyamata bamankala pa kalavati pafupi na mpanda wanu, muganiza bakonda mphepo ya pamenepo?"

Anasintha pasiwedi, mawu achinsinsi aja olowera. A Msiska anathokoza kwambiri, anamupatsa tiyi ndi mbatata. Patapita miyezi, zomwezo. Anasinthanso, anaika yovuta, ya manambala ndi zilembo zosakaniza. A Msiska anangoseka n'kunena kuti ana a masiku ano ndi ochenjera. Anastazia ankabwera pa benchi pathu akutukwana mbava zopanda manyazi zobera nkhalamba, ine n'kumamuthandiza kutukwana, poti zimenezo ndimazitha. Panalinso vuto lina. Rauta ija inali itakalamba, ndipo ukasintha kanthu m'kati mwake inkazima n'kukana kudzuka, mpaka munthu aizule pulagi ndi dzanja n'kuibwezeretsa. Anastazia anawauza kuti agule ina. Iwo anati, "Ikali na moyo monga ine, tizayendera pamozi."

A Msiska anamwalira mwezi wa Okutobala, kukutentha kwambiri. Towela anali woyembekezera, masiku atayandikira, ndipo madokotala anamuletsa kukwera ndeke. Thupi linadikira kumochale mpaka abale a ku Malawi afike. Chifukwa cha kutenthako ndi kudikirako, akubanja anagwirizana kuti tsiku loika, bokosi lidzafike kunyumba m'mawa, litsegulidwe kanthawi kochepa kuti anthu aone nkhope, ndipo likatsekedwa lisadzatsegulidwenso, kutchalitchi kapena kumanda. Mwayi wa Towela unali umenewo basi.

Ine ndi Anastazia tinali komweko kuyambira m'mamawa, zitenje m'chiuno, titakhala pansi pabalaza pamodzi ndi amayi anzathu. Mipando yonse inali itatulutsidwa monga timachitira, amuna ali panja pansi pa tenti, ena pansi pa mango, ena mpaka mumsewu. Khamu linali lalikulu kuposa mmene ndinkayembekezera pa maliro a munthu wokonza mapaipi. Namfedwa, a Bertha, akazi awo a malemu, anali pa matiresi pakona, foni ili m'manja. Ankayesa kulankhula ndi mwana wawo. Nkhope ya Towela inkaoneka kamphindi, n'kusweka, n'kuima. Mawu ankafika odukaduka.

"Mami... simumveka... Mami, nizabaona ba dadi?"

A Bertha anayang'ana uku ndi uku mpaka maso awo anapeza Anastazia. Anamutambasulira foni ija. Galimoto ya maliro inali itanyamuka kale kumochale.

Anastazia anadzuka, ine ndinamutsatira, poti sindisiyidwa. Anayamba monga amayambira, koma mofulumira. Magetsi anali atapita kuyambira m'mawa, ndiye anakayang'ana batire m'khonde, anapeza kagetsi kake kobiriwira kakuyaka. Anatuluka n'kuyang'ana padenga, chitsulo chinali chiimire, kambale kakuloza kumene kamaloza. Foni inkaonetsa kuti yagwira rauta mwamphamvu, koma palibe chinkayenda. Anapita pa chitseko cha kuchipinda chogona, anapeza loko wamkulu watsopano.

Kiyi anali ndi a Chindikani, mkulu wawo wa malemu, nkhalamba yaitali yofatsa imene inafika kuchokera ku Rumphi dzulo lake. Anastazia anagwada pambali pa mpando wawo n'kufotokoza. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Mayi, ndakumvani, ndipo Towela ndi mwana wanga. Koma chipinda chimenecho ndinachikhoma pamaso pa mabanja onse awiri, ndipo ndinalonjeza kuti chidzatsegulidwa tikabwera kumanda, tonse tili pamodzi. Mukuwaona adzukulu anga aja akhala pafupi ndi khomo? Dzulo anayamba kale kufunsa za njinga ndi masuti. Ndikatsegulira inu, alowa pambuyo panu, ndipo mlamu wanga adzagona pa simenti. Ndinaziona pa maliro a mlongo wathu. Pepani."

Ine magazi anandiwira. Ndinafuna kuwauza kuti masuti si kanthu poyerekeza ndi mwana. Koma nditayang'ana anyamata ankanenedwawo, ndi mmene maso awo ankayendera pa loko uja, ndinatseka pakamwa. Nkhalambayo inkateteza a Bertha, ndipo inali ndi chifukwa. Anastazia anathokoza n'kudzuka. Tikuzungulira kuseri kwa nyumba anang'ung'udza m'Chichewa cha kwawo kuti khoswe wakhala pa mkhate.

Zenera la kuchipinda linali ndi zitsulo, katani itasiya kampata. Asanasuzumire ananditembenukira.

"Bridget, nikapeza kansalu kako pamwamba paja, lelo tizaika bantu babili."

Anasuzumira, inenso ndinasuzumira pamwamba pa phewa lake. Rauta inali pa katebulo, yosafunda kanthu. Kansalu kanga ka maluwa ofiira, kamene a Bertha anagula kwa ine, kanali kopindidwa bwino pambali, magalasi a malemu ali pamwamba pake. Ndinapuma, sindinama. Koma Anastazia ankayang'ana timagetsi ta rauta ija. Tinkaphethira mothamanga, osapumira.

"Si yodwala iyi," anatero. "Isebenza maningi. Yalemedwa."

Anaima n'kuyang'ana khamu lija nthawi yaitali. Kenako anayenda molunjika kwa Collins, kondakitala wa minibasi za ku Lusaka, bambo wa ana awiri amene tonse timamudziwa ndi pakamwa pake. Anali atatsamira mpanda, mutu uli pa foni.

"Collins, uli na mabandulo yambiri lelo, ai?"

"Awe ba Ana, ni ya ba Msiska. Foni imangena yeka nikafika pano."

"Ulibe nsoni? Pasiwedi unaiba bwanji?"

Collins anadabwa zenizeni. "Kuba shani? Benze kutipasa beka. Imwe mukachinja lelo, mailo kuseni babwera pa mpanda na kapepa, ati bana banga, ba Ana bachinja futi, iyi yanyowani. Benze kukamba ati manzi ya pa pompi sitimana muntu."

Anastazia anafunsa mayi wina amene anakhala pafupi, yankho lomwelo. Anafunsa mphunzitsi wina, chimodzimodzi. Zaka zonsezi iye ankakhoma chitseko, mwini nyumba n'kumatsegula m'mawa mwake, kenako n'kumupatsa tiyi ndi mbatata. Ndipo lero onse amene anapatsidwapo anabwera kudzamulira, aliyense ndi foni yake m'thumba kapena pa mfundo ya chitenje. Ngakhale amene sankaigwira, foni yawo inali italowa yokha n'kumakoka zake mwakachetechete. Chikondi cha bambo chinali chitatseka njira ya mwana wawo.

"Chinja pasiwedi!" ndinatero ine. "Uli nayo mu foni yako. Bachoke bonse manje manje!"

"Nikachinja, izazima. Ikakana kuuka, nindani azangena kuizula pulagi?" Kenako anawonjeza motsitsa mawu. "Na futi, Bridget, pa maliro sitipitikisa bantu pa mbale ya mwine wa nyumba. Tizabapempa."

Ine ndinaona ngati wapenga. Kupempha khamu la Kafue kuti lizimitse mafoni! Abusa amapempha Lamlungu lililonse, ndipo foni imalira pakati pa mgonero. Koma iye anali atabwerera kale kwa a Chindikani, wagwadanso. Nkhalambayo inamvetsera, inavula chipewa, inaimirira pakati pa tenti. Oimba analeka nyimbo.

"Abale ndi alongo, pepani ndikudulani. Mwana wa malemu, Towela, ali kutali ndipo sangathe kubwera. Akufuna aone nkhope ya bambo ake pa foni, koma njira yadzaza. Ndauzidwa kuti mng'ono wangayu ankagawira anthu mawu olowera pa intaneti ya nyumba ino. Sindikudzudzula munthu. Ndikupempha kuti aliyense amene anapatsidwa, azimitse foni yake mpaka bokosi litsekedwe. Mumubwereke mwanayu njira ya bambo ake."

Palibe anasuntha. Ndinawamvetsa ngakhale ndinali wokwiya, chifukwa ndani afuna kuoneka pagulu kuti ankadya za malemu, mkazi wake ali m'nyumba akumva? Aliyense ankayang'ana nsapato zake. Kumsewu kunamveka hutala, galimoto ya maliro inali itakhota pa kona.

Collins ndiye anayamba. Anachoka pa mpanda paja, anakweza foni yake m'mwamba kuti onse aone, anaizimitsa. Sanalankhule, chimene kwa Collins n'chozizwitsa. Kenako anaimirira Molly wogulitsa tomato pa msewu waukulu, akumasula mfundo ya chitenje. Ananena mokweza, akulira, kuti mwana wake anapeza malo ku koleji atakhala pa kalavati paja ndi foni yobwereka. Atatero zinangoyamba ngati mvula. Mphunzitsi uja, anyamata a njinga zamoto, atsikana a kwaya, wometa tsitsi, madikoni awiri, ngakhale mmodzi wa adzukulu oyang'ana masuti aja, amene anali atangofika dzulo koma anali atapatsidwa kale ndi anzake. M'nyumba namonso amayi ankapisa m'mabulauzi ndi m'zikwama. Amene sankadziwa kuzimitsa ankapatsira oyandikana nawo. A Bertha ankayang'ana zonsezi pa khomo lotsegula, dzanja lili pakamwa. Sankadziwa kanthu, zaka zonsezi.

Bokosi linalowa, linaikidwa pakati pa balaza, chivindikiro chinatsegulidwa. Anastazia anatenga foni ija kwa a Bertha n'kuimba yekha. Inalira kamodzi. Nkhope ya Towela inabwera yoyera bwino, yotupa ndi kulira, mpaka ndinaona ndolo zake. Anastazia anagwada pafupi ndi bokosi, anagwira foni ndi manja awiri, zigongono atazitsamiritsa pa mimba kuti isagwedezeke, n'kuitembenuza.

Kwa kanthawi sikunamveke kanthu, ndipo mtima wanga unagwa poganiza kuti yaimanso. Kenako mawu anatuluka, omveka ngati ali m'chipinda momwemo.

"Dadi. Dadi, ndine Towela. Nabwera."

Analankhula nawo. Zimene ananena ndi zake ndi bambo ake, sindizibwereza. Anawauza dzina limene adzamupatse mwana. Chakumapeto anasiya kulira pang'ono n'kunena kuti, "Mami, tayi ya ba dadi yapendama. Sibenze kukonda so." A Bertha anakwawa kuchoka pa matiresi, anaiwongola tayi ija, anasalaza kolala ndi chikhatho. Apo ndiye nyumba yonse inagwa m'maliro, ngakhale ine amene ndimati ndine wouma mtima.

Anthu anayamba kudutsa kuona nkhope, ndipo Anastazia sanasunthe. Thukuta linkatsika m'khosi mwake, mikono inkaoneka kuti yatopa, koma foni inali chilili mpaka a Chindikani anapereka chizindikiro, akalipentala n'kubweretsa chivindikiro. Towela anaona mpaka pomaliza. Pa khamu lonse lija palibe foni imene inalira.

Chipinda chinatsegulidwa anthu atabwera kumanda, mabanja onse ali pamodzi, ndipo a Bertha sanagone pa simenti. Patapita masabata Anastazia anawafunsa ngati asinthe pasiwedi, poti tsopano akudziwa. Iwo anati aisiye mmene mwini wake anaisiyira, koma Lamlungu masana anthu azizimitsa, azilankhula ndi mwana wawo ndi kuona mdzukulu. Mpaka lero mukadutsa pamenepo Lamlungu masana mupeza pa kalavati palibe munthu, ndipo wina akaiwala, Collins amamukumbutsa ndi mawu amene sindingalembe pano.

Koma chimene ine sindiiwala chinachitika m'mawa womwe uja, bokosi litangotuluka. Anthu akukankhana kukwera magalimoto opita kutchalitchi, ndinaona kuti Anastazia palibe. Ndinamupeza kuseri kwa nyumba, pansi pa zenera lija, wakhala pa dothi miyendo atatambasula. Ankalira kulira kwa kumudzi, kokoka, kumene sindinamumvepo chiyambire kudziwana kwathu, ndipo sankalira a Msiska.

"Amayi ine! Amayi, foni inafa, sindinamve ine! Amayi, mukanandidikira!"

Mayi wa imvi, wodziwa kutsegula makina alionse, ankaitana mayi ake ngati mwana wotayika pamsika. Zinandipweteka kwambiri. Mapewa ake ankanjenjemera ngati wagwidwa ndi malungo, dzuwa lonse lija. Ndinamasula chitenje changa chapamwamba n'kumufunditsa, ndinakhala naye pansi pomwepo mpaka magalimoto onse anapita. Tsiku limenelo nsalu yanga sanaikane.